CV Yanu Ikagwera Pamulu wa Maenvulopu: Kalembedwe Koti Abwana Akuimbireni Foni

Ndinakhala zaka zingapo ndikutayipira anthu makalata m'kashopu ka kompyuta pa Kamuzu Road pano pa Salima. Kenako ndinagwirako ukalaliki pa bungwe lina lomwe linkalemba anthu ntchito pafupipafupi, ndipo kumeneko ndi komwe ndinaona kumene mapepala ndinkatayipa aja amakathera. Chaka china tinalengeza malo awiri okha, a wosunga katundu ndi a dalaivala. Pofika tsiku lotsekera, maenvulopu anali atadzaza katoni ya sopo, ena ali mbwee pansi. Mayi amene ankasankhula anakhala pampando, fani ikungozunguza mpweya wotentha wa mu Okutobala, n'kumatsegula imodziimodzi. CV iliyonse ankaiponyera diso kanthawi kochepa ngati kakumwa kapu ya madzi, kenako n'kuiika kumanja kapena kumanzere. Mulu wa kumanzere ndi umene unkakula.

Ndiye polemba CV yanu muzimuona mayi ameneyu m'maganizo. Thukuta lili kamukamu, watopa, ndipo akufuna kudziwa zinthu ziwiri basi: munthuyu anachitapo chiyani chofanana ndi ntchito tikufunayi, nanga ndimupeza bwanji?

Yambani ndi chilengezo komanso kope, osati kompyuta

Tengani chilengezo cha ntchitocho, kaya mwachiona mu The Nation kapena The Daily Times, kaya chamatidwa pa bolodi la kwa DC, kaya mnzanu wakuponyerani pa WhatsApp. Chiwerengeni katatu cholembera chili m'manja. Dulani mzere kunsi kwa chilichonse chimene akufuna: satifiketi yanji, zaka zingati pa ntchito, laisensi ya mtundu wanji, tsiku lotsekera ndi njira yotumizira. Mawu amene mwadulira mizerewo ndi omwe wosankhula azikawasaka m'CV yanu. Akati akufuna munthu wodziwa kusunga kaundula wa katundu, inu n'kudzaza tsamba ndi zoti mumaimba kwaya, ndiye kuti mwayankha funso limene sanakufunseni.

Kenako tengani kope ndi kulemba m'Chichewa momwe chilichonse chimene mwachita chimalizireni sukulu. Apa ndiye pali nkhani yonse, ndipo ndi pamene anthu ambiri a kwathu kuno amadziponderezera okha.

Mtsikana wina anabwera kushopu kuja ndi satifiketi yake ya MSCE ili mu pulasitiki, akufuna kufunsira ukalaliki pa kampani ina. Nditamufunsa za ntchito zimene anagwirapo, anangoti, "Achimwene, ine sindinagwirepo ntchito. Ingolembani za sukuluzo."

"Nanga chimalizireni Fomu 4, achemwali, zaka zitatu zonsezi mwakhala mukungogona?"

Anaseka. Anati amathandiza amalume ake ku Senga Bay. Kuthandiza kwake kotani? Ndinachita kumukoka ngati khoka. Zinapezeka kuti amalumewo ali ndi maboti awiri a injini, ndipo m'bandakucha uliwonse asodzi akamakocheza, iyeyo ndi amene amaima pamchenga ndi kope kuwerenga ndowa za usipa, kulemba mtengo wa tsikulo, kuchotsera ndalama ya petulo, kugawa gawo la asodzi 18, ndi kulondola amayi ogula pa ngongole mpaka atabweza. Komanso anali mlembi wa banki m'khonde ya amayi 25, ndipo pogawana kumapeto kwa chaka panalibe ndi tambala yomwe imene inasowa. Munthu ameneyu ndi amene ankati sanagwirepo ntchito!

Ntchito si yokhayo ya malipiro a pamwezi. Ngati munayendetsapo kabaza ndi kumapereka ndalama kwa mwini njinga tsiku ndi tsiku, lembani. Ngati munagulitsapo mayunitsi kapena kukhala pa kauntala ya Airtel Money kapena Mpamba, lembani, chifukwa kugwira ndalama za eni popanda kusowetsa ndi luso limene mabwana amalisowa. Munaphunzitsako modzipereka pa sukulu ya mkombaphala? Munakhalapo msungichuma wa achinyamata ku tchalitchi kapena ku mzikiti? Munagulapo mpunga ku Lifuwu n'kukagulitsa ku Lilongwe? Munalembako anthu pa kalembera wa 2018 uja, tabuleti ili m'manja? Zonsezo zilowe m'kope. Pa chilichonse yankhani mafunso anayi: kunali kuti, kuyambira liti mpaka liti, munkachita chiyani kwenikweni, ndipo zinali zochuluka bwanji. Funso lomalizali musalidumphe. Kunena kuti munkasunga mabuku n'kosiyana ndi kunena kuti munkasunga mabuku a maboti awiri a asodzi 18. Nambala imapangitsa wowerenga kuona chinthucho ndi maso.

Mukatero mpamene mungaziike m'Chingerezi, poti CV kuno kwathu imalembedwa m'Chingerezi. Chikhale Chingerezi chosavuta, chimene inu eni mungachifotokoze akakufunsani pa intaviyu. Za mtsikana uja tinalemba mzere uwu: "Kept daily sales, fuel and credit records for two fishing boats with a crew of 18, Senga Bay, 2020 to 2023." Mulibe mawu aakulu, koma mayi wa pa katoni uja akhoza kuima kaye n'kuwerenganso.

Pamwamba pa tsamba

Dzina lanu likhale pamwamba penipeni, ndipo lifanane ndi la pa chiphaso chaunzika ndi la pa satifiketi. Ambiri timakhala ndi dzina la kusukulu, la kumudzi ndi la paukwati. Ngati pa MSCE pali dzina la bambo anu pomwe pa chiphaso cha NRB pali la amuna anu, tchulani onse awiri momveka kuti wowerenga asaganize kuti mwabwereka pepala la munthu wina.

Kunsi kwa dzina ikani nambala ya foni. Ngati n'kotheka zikhale ziwiri, ya TNM ndi ya Airtel, poti kwinaku kumidzi ya m'mbali mwa nyanja netiweki imachita kusankha mtengo woimapo. Nambala yachiwiri ikakhala ya mlongo wanu kapena ya amayi, auzeni kuti mwina kubwera foni yachilendo, asakangoti "kulibe" n'kudula. Nambalazo muziwerenge kawiri mokweza. Kuphonya dijiti imodzi ndiye kuti CV yonse mwalembera mphepo.

Imelo ikhale ya dzina lanu lenileni. Ija munatsegula muli Fomu 2 pofuna kulowa pa Facebook, yokhala ndi dzina la chibwana, isiyeni. Tsegulani ina, n'zaulere, ndipo pasiwedi muilembe kumapeto kwa kope lija. Tchulaninso komwe mukukhala, kaya ndi Chipoka, Khombedza kapena Dwangwa. Pa ntchito zambiri za mabungwe a m'madera, kukhala wa pompo kumakuthandizani, chifukwa abwana amadziwa kuti simudzathawa kutentha mwezi woyamba.

Mtundu wanu, chipembedzo, kuchuluka kwa ana, kutalika kwa msinkhu, zonsezi zichotseni pokhapokha atafunsa. Mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera muike ngati chilengezo chatero. Tsiku lobadwa ndi lofunika pamene aika malire a zaka. Chithunzi ayi, pokhapokha atachipempha.

Anthu ena amaika kandime kodzifotokoza kunsi kwake. Si zoipa, koma ndinatopa nako kuwerenga kuti aliyense ndi "hardworking, God-fearing and self-motivated." M'katoni ija pafupifupi onse anali olimbikira ndi oopa Mulungu, moti mawuwo sankasiyanitsanso munthu. Ngati mukufuna kandimeko, ikani mizere iwiri yonena kuti ndinu ndani pa ntchito: dalaivala wa laisensi ya C1 amene wayenda zaka zinayi mumsewu wa M5 pakati pa Salima ndi Nkhotakota, kapena wamagetsi wa Trade Test Grade 2 wodziwa kulumikiza sola. Ngati mulibe chonena chotere, kadumpheni.

Sukulu ndi ntchito: chiyambe ndi chiti?

Chiyambe ndi chimene chili champhamvu kwa inu. Amene wangotuluka kumene ku koleji ayambe ndi maphunziro. Amene wagwira ntchito zaka zisanu ayambe ndi ntchito. M'chigawo chilichonse yambani ndi zaposachedwa n'kumabwerera m'mbuyo.

Pa maphunziro lembani dzina la satifiketi, sukulu ndi chaka. Pa MSCE kumbukirani mmene MANEB imaperekera magiredi: 1 ndi 2 ndi disitinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe. Ngati chilengezo chati akufuna kirediti ya Chingerezi ndi Masamu ndipo inu muli nazo, zilembeni poonekera, musadikire kuti wosankhula akachite kuzifufuza pa fotokope yosaoneka bwino. Ngati mapointi anu ndi abwino, atchuleni. Ngati ndi ambiri ndipo sanafunse, ingonenani chaka ndi maphunziro amene munakhoza bwino. Amene analemba MSCE kawiri atchule zaka zonse ziwiri, palibe chamanyazi. Za ku pulayimale zisiyeni, pokhapokha ngati ndi pomwe munalekezera.

Amene munadutsa ku Salima Technical College kapena m'maphunziro ena a TEVETA, musangolemba dzina la kosi. Nenani levulo imene munafika, ndipo nthawi ya atachimenti muiwerengere ngati ntchito: kunali kuti, miyezi ingati, munagwira makina anji. Kosi imene simunamalize nenani kuti simunamalize ndi pamene munalekezera.

Pa ntchito iliyonse lembani udindo, malo, mwezi ndi chaka choyambira ndi chomalizira, kenako mizere iwiri kapena itatu ya zimene munkachita, yotengedwa m'kope lija. Kuno kunyanja ntchito zambiri ndi za nyengo. Ku Dwangwa anthu amalembedwa nthawi yodula nzimbe, nyengo ikatha n'kubwerera kumunda. M'malo ogona alendo a ku Senga Bay amawonjezera antchito nthawi ya zikondwerero. Musabise kuti inali ya nyengo. Ngati anakuitanani zaka zitatu zotsatizana, nenani zimenezo, chifukwa bwana saitananso munthu waulesi kapena wa dzanja lalitali. Chimodzimodzi amene munagwira nawo pomanga malo a magetsi a dzuwa a mamegawati 60 ku Nanjoka, omwe anayamba kugwira ntchito mu 2021: musangoti munali leba. Munkakumba ngalande za mawaya? Munkamanga zitsulo zoikapo mapanelo? Anakuphunzitsani za chitetezo pa ntchito? Tchulani.

Ndipo CV imodzi siyenera kupita paliponse osasintha kanthu. Tiyerekeze mnyamata amene anakhalapo mlonda, amadziwa Chingerezi bwino ndipo anakulira m'mudzi wa pafupi ndi nkhalango. Akamafunsira pa hotela, atsogoze Chingerezi ndi kulandira alendo pa geti. Akamafunsira ntchito yolondera nyama ku Nkhotakota Wildlife Reserve, komwe bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks lakhala likuyendetsa kuyambira 2015, atsogoze ulonda wa usiku, kuyenda mitunda italiitali ndi kudziwa kwake thengo. Munthu ndi yemweyo, zoona ndi zomwezo, changosintha ndi chimene chili patsogolo.

Pa maluso ena musalembe kuti mumadziwa kompyuta basi. Nenani kuti Word, Excel, kapena kutolera mayankho a kafukufuku pa foni. Zilankhulo musaziderere: amene amalankhula Chichewa, Chiyao ndi Chitonga ali ndi chida chachikulu pa ntchito za m'midzi ya m'mbali mwa nyanja kuyambira ku Chipoka mpaka kupitirira Dwangwa. Laisensi tchulani kodi yake ndi chaka chimene idzathe. Zokonda kuchita pa nthawi yopuma, monga kuonera mpira, sizinalembetsepo munthu ntchito pamaso panga.

Anthu okuchitirani umboni

Awa ndi aja timangoti ma referee. Kawirikawiri amafuna atatu. Asakhale achibale, ngakhale amalume anu atakhala munthu wodziwika bwanji. Sankhani amene anakuonani mukugwira ntchito kapena mukuphunzira: kapitawo wanu wakale, mphunzitsi wamkulu, wapampando wa gulu limene munali mlembi. Lembani dzina, udindo, komwe amagwira ntchito ndi foni yomwe ikugwira.

Koma choyamba apempheni. Pitani kapena imbani: "Bwana, ndikufunsira ntchito yakutiyakuti, kodi ndingaike dzina lanu?" Ine ndinaimbirapo mkulu wina amene mnyamata anamulemba pa CV, ndipo yankho linali lakuti, "Mwati ndani? Ayi, ameneyo sindikumukumbuka." Tsiku lina, nditaimbira bambo wina wolembedwa pa CV ya mnyamata winanso, foni anayankha ndi mayi amene anandiuza motsitsa mawu kuti bambowo anatisiya chaka chatha. Mnyamata ameneyo CV yake anali asanaikhudze kwa zaka, ankangoichita fotokope. Safunsa anadya phula.

Ku shopu yotayipira

Apa ndiulule tchimo langa. Ife otayipa timakhala ndi CV imodzi yakale pa kompyuta, munthu akabwera timangofufuta dzina n'kuika lake. Tsiku lina kunali mzere, magetsi atangoyaka kumene, ndipo ndinamutayipira bambo wina CV mothamanga. Anailipira, anaipinda n'kupita osaiwerenga. Patatha sabata ziwiri anabwera maso ali gwa: pa CV yake panatsalira nambala ya foni ya mayi amene ndinamutayipira dzulo lake, komanso mzere wonena kuti amadziwa kuluka tsitsi. Anali atatumiza kale malo anayi. Ndinapepesa, ndinamubwezera ndalama yake, koma masiku otsekera anali atadutsa.

Ndiye mukapita kotayipitsa, tengani kope lanu, khalani pambali pa wotayipayo, ndipo muwerenge pa sikirini mzere ndi mzere asanapulinte. Musachite manyazi kuti mukuchedwetsa mzere. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Muuzeni kuti mukufuna zilembo za mtundu umodzi, Arial kapena Times New Roman, saizi 11 kapena 12, zakuda papepala loyera. Akayamba kukuikirani maluwa m'mbali ndi mitu yamitundumitundu, mukanizeni. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo osankhula amazidziwa zimenezo. Masamba asapitirire awiri. Kwa wongoyamba kumene limodzi likwanira. Tsamba lachikuto longolembapo kuti Curriculum Vitae ndi kungotaya ndalama ya pepala.

Musanachoke, muuzeni akutumizireni ku imelo yanu mafayilo awiri: ya Word yoti muzidzasintha, ndi ya PDF yoti muzitumiza. Fulashi yokha musaidalire, imasowa komanso imatola mavairasi m'makompyuta a m'mashopu. Fayiloyo ikhale ndi dzina lanu, osati "Document1" kapena "CV new new". Mukatero m'patseni munthu wina wodziwa Chingerezi, monga mphunzitsi, aiwerenge ndi maso atsopano.

Za bodza ndinene mwachidule. Satifiketi yogula ndi mlandu wa kupolisi, ndipo olemba ntchito amatha kufunsa ku MANEB ngati pepalalo ndi lenileni. Bodza laling'ono nalo limagwidwa msanga. Ndinaonapo munthu wolemba kuti ndi katswiri wa Excel atamukhazika pa kompyuta kuti awonkhetse mzere umodzi wa manambala, iye n'kutulutsa foni kuti awerengere pa kakyuleta.

Kutumiza

CV siyenda yokha, imatsagana ndi kalata yofunsira ntchito. Kalatayo ikhale ya tsamba limodzi, yotchula udindo umene mukufuna monga momwe aulembera pa chilengezo, komwe munachiona, ndi zifukwa ziwiri kapena zitatu zimene mukuyenerera. Za mavuto a kunyumba, kuti ndinu mwana wamasiye kapena mukusamala abale asanu, musalembe. N'zoona ndipo n'zowawa, koma pafupifupi aliyense m'katoni muja ali nazo zake. Akati kalata ikhale yolemba pamanja, lembani pamanja. Musaiwale kusaina.

Phatikizani mafotokope ooneka bwino a masatifiketi, osati enieniwo. Enieni amapita nanu pa tsiku la intaviyu basi. Akati mafotokope akhale otsimikizidwa, pitani nawo pamodzi ndi enieni kwa majisitireti kapena loya akadinde. Sanjani kalata pamwamba, CV pakati, masatifiketi pansi, ndipo mugwiritse envulopu yaikulu ya A4 kuti musapinde. Kunja kwake lembani udindo umene mukufunsira. Ngati mukukasiya pamanja ndipo mwakwera kabaza nthawi ya dzinja, envulopuyo ilowe mu jumbo.

Potumiza pa imelo, pa mutu lembani udindo ndi dzina lanu, m'kati mulembe mizere iwiri yaulemu, ndipo muone kuti fayilo yamatikadi musanadine. Kujambula CV ndi foni ili pa mphasa, chala chanu chikuonekera m'mbali, ayi ndithu. Tumizani kukadali masiku awiri kapena atatu, chifukwa tsiku lomaliza ndi limene magetsi amazima ndipo bandulo imatha.

Wina akakuimbirani kuti mwasankhidwa koma mutumize kaye ndalama ya fomu, ya yunifolomu kapena "ya abwana" pa foni, dziwani kuti ndi wakuba. Dulani, ndipo ngati mukukaika pitani nokha ku ofesi imene akuitchulayo mukafunse.

Mukatumiza, lembani m'kope lija tsiku, malo ndi udindo, kuti akadzaimba patatha mwezi musadzafunse kuti, "Ntchito yake iti?" Foni ikhale ndi moto, makamaka kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, ndipo nyimbo ija oimba amamva podikira muione ngati ndi yoti abwana angaimve. Nambala yachilendo ikalowa muli pamsika kapena pa depoti, thamangirani poduka mphepo, yankhani ndi moni ndi dzina lanu, cholembera chili pafupi. Ku ofesi kwathu kuja tinkaimba kawiri. Kachitatu tinkatenga envulopu yotsatira.